Osambira a kwa Kezia

Kuseri kwa depoti ya mabasi pa Mzimba boma kuli nyumba yaitali ya masitolo, denga limodzi, khonde limodzi. Mwini wake anapita ku Joni kalekale, lendi amangolandirira pa foni. Anthu ake anawasiyira mpopi umodzi kuseri, mita imodzi ya madzi, ndi zimbudzi zogejemula zothira m'dzenje limodzi la sepitiki. Ndiye bilu ya madzi inkabweranso imodzi, ndipo ikangofika, anthu amene dzulo lake amabwerekana tchenji ankasiya kupatsana moni.

Chitseko cha kumapeto, chaching'ono kuposa zonse, chinali cha Kezia Zgambo, telala. Anthu ankamuitana kuti anyina Taonga, chifukwa cha kamwana kake kamene kankagona m'katoni ya nsalu pansi pa tebulo lodulira. Kezia sukulu anailekezera Fomu 2, ndipo makina osokera ndi amene anamupukuta misozi. Atapeza makina ena akale pa mtengo wozizira, anayamba kutenga atsikana onga iye, amene mimba kapena fizi zinawatulutsa m'kalasi, n'kumawaphunzitsa kusoka. Ena ankalipira pang'ono, ena ankabwera ndi nyemba za kwawo, ena ankangobwera ndi manja awo. Madzi a sitolo yonseyo anali akumwa, owaza pa nsalu posita, ndi otsukira Taonga akadziipitsira. Basi.

Koma lamulo lakale linali la pa chitseko: chitseko chilichonse chilipire mofanana. Kezia ankalipira chimodzimodzi ndi a Wallace Nkhata a botolo sitolo, amene makasitomala awo ankachita mzere ku chimbudzi dzuwa likadali pamutu. Chimodzimodzi ndi Linily wa saluni, amene thovu lake silinkauma m'ngalande. Chimodzimodzinso ndi mayi Fathiya a lesitilanti, otsuka mpunga ndi mapoto kuyambira mbandakucha. Kezia ankalipira akukukuta mano, mwezi wina mpaka kunyumba kukhala kopanda sopo.

Chaka chimenecho mvula ya mu Januwale inadzaza dzenje lija. Linayamba kubwezera, fungo n'kumafika mpaka pa khonde, moti makasitomala a mayi Fathiya ankadya atatembenukira kumsewu. A zaumoyo anabwera, anasuzumira atatseka mphuno, n'kunena kuti dzenje likapanda kupopedwa mwezi usanathe, atseka mzere wonse. Galimoto yopopa inayenera kuchokera ku Mzuzu, ndipo mtengo wake unali woti munthu aumve atakhala pansi.

Msonkhano unachitikira pa khonde la mayi Fathiya, poti ndi pamene panali mabenchi. Eni masitolo ang'onoang'ono, wokonza mafoni, wa makope ndi mapensulo, ndi Kezia, anakanitsitsa kuti za pa chitseko zithere pomwepo. A masitolo akuluakulu anati chabwino, nanga agawe ndani? Aliyense amene ankatchulidwa ankapezeka kuti ndi mlamu wa uje, kapena amapemphera tchalitchi chimodzi ndi uje. Mapeto ake maso onse anagwera pa a Bestone Kamtedza.

A Kamtedza anali mlendo. Kwawo kunali ku Ntcheu, ndipo ku Mzimba anabwera motsatira akazi awo, anamwino amene anasamutsidwira ku chipatala cha pa boma. Iwo anatsegula kasitolo ka misomali, maloko ndi penti pakati pa mzerewo. Amuna a kuno, kumene mkazi ndiye amatsatira mwamuna ng'ombe zikapita, nkhaniyo inkawaseketsa, ndipo a Wallace ankawatchula kuti mkamwini wa boma. Koma tsiku limenelo kukhala kwawo mlendo komweko ndi kumene kunawakometsa. Analibe mlamu, analibe msuweni, ndipo Chitumbuka chawo chinkathera pa "yewo".

"Ine ndivomera," anatero a Kamtedza, "koma ndiyenda chitseko ndi chitseko. Madzi sindingawagawe nditakhala pa mpando."

"Yendani, adada," anayankha a Wallace. "Koma tipanganiretu pano: chimene mwagamula, chagamulidwa. Pasapezeke wina wolira kuti tibwereze. Tatopa nazo."

Onse anavomera. Kezia ndiye anavomera mokweza kuposa onse, poganiza kuti chingwecho chikumanga a Wallace.

Ndipo anayendadi bambowo. Kezia ankawaona ali pa makina ake. Ankatseka sitolo yawo nthawi ya malonda n'kukaima ku mpopi, manja kumbuyo ngati akudikira basi. Ankanyamula zigubu za anthu kuti amve kulemera kwake. Kwa Linily anakhala pa benchi ya makasitomala mpaka mutu wa mayi wina unatsukidwa, n'kutsukuluzidwa, n'kutsukuluzidwanso. Kwa mayi Fathiya analowa mpaka kukhitchini, ndipo atawapatsa tiyi anakana, ati adzamwa ntchitoyi ikatha, tsono adzalipira. Loweruka masana anakaima pafupi ndi zimbudzi kuti aone olowamo akuchokera chitseko chiti, anthu odutsa n'kumawayesa kuti mutu wayamba kuwavuta. Kezia anauza atsikana ake kuti aone mmene munthu amagwirira ntchito imene palibe amene adzamulipire.

Tsiku limene anafika pa chitseko cha kumapeto, Kezia kunalibe. Linali tsiku la sikelo, anapita ndi Taonga ku chipatala, atsikana n'kuwapatsa tchuthi. Pa sitolo anasiya ankhazi ake, alongo a bambo ake, amene anabwera kuchokera ku Champhira kudzalandira mankhwala a miyendo n'kukhalitsa. Kezia atabwerako, ankhaziwo anangomuuza kuti kunabwera adada a misomali, afunsa mafunso awo, apita. Kezia sanafunsenso zambiri. Munthu wa ulusi ndi singano angaope chiyani pa nkhani ya madzi?

Tsiku lolengeza litafika, a Kamtedza anaimirira pa khonde lomwe lija, chipewa m'manja.

"Ndagawa patatu," anatero. "Pali a mgolo, pali a ndowa, pali a kapu. Bilu ya madzi ndi ndalama yopopera dzenje ziziyenda mofanana, chifukwa madzi amene watunga ndi omwewo amene umabweza m'dzenje. A mgolo asenza gawo lalikulu, a kapu laling'ono."

Anayamba ndi a kapu: wa mafoni, wa makope. Kezia anadikira dzina lake, silinamveke. A Kamtedza anapita kwa a ndowa, ndipo dzina loyamba kutchula linali lawo lomwe.

"Ine ndimagulitsa misomali, koma khonde langa ndimakolopa m'mawa uliwonse, ndipo madzi akasiya ku nyumba za chipatala ndimadzatunga pano. Ndili pa ndowa."

Anthu anang'ung'udza mogoma. Kezia anagwedeza mutu, koma pa ndowa dzina lake panalibenso.

"A mgolo ndi awa: a Nkhata, mayi Fathiya, Linily, ndi anyina Taonga."

"Ine?" anafunsa Kezia.

"Inu, mayi."

"Mgolo wa chiyani, adada? Ulusi umamwa madzi?"

A Kamtedza anamuyang'ana mopanda mkwiyo, koma ngati munthu amene akudziwa kanthu. "Ndatsata zimene ndinapeza pa sitolo panu. Zina si zonenera pagulu."

A Wallace anaseka mpaka kugwira phewa la mnzawo. "Takulandirani ku mgolo, anyina Taonga. Kuno n'kwa akuluakulu. Pajatu tinapangana, ndipo amene anavomera mokweza ndinu."

Kezia anabwerera ku makina ake, koma phazi linakana kupalasa. Sanafunikire pensulo kuti adziwe pamene waima. Gawo la mgolo, kuphatikiza ya dzenje, silikanatuluka m'mayunifolomu ndi m'zigamba ngakhale atasoka osadya. Chotsala chinali kubweza kiyi, kukweza makina pa matola, n'kubwerera ku Champhira, kumene munthu amasoketsa chovala kamodzi pa chaka, Khirisimasi ikayandikira. Atsikana aja akanabwerera kwawo, ndipo Kezia ankadziwa bwino chimene chimadikira mtsikana wongokhala pakhomo: makolo ake amayamba kuwerengera ng'ombe.

Anayesa kudana nawo a Kamtedza. Anadziuza kuti mwina a Wallace anawagulira kenakake kuti mgolo ukhale ndi anthu ambiri ogawana. Koma munthu wokana tiyi wa mayi Fathiya angagulidwe ndi botolo? Nanga munthu wodziika yekha pa ndowa? Zinkakana kulumikizana, ngati mkono wa malaya wodulidwa mbali imodzi.

Madzulo ake, dzuwa lisanalowe, akuchapa matewera pakhomo, anafunsa ankhazi ake amene ankasenda mbatata pa mkeka.

"Ankhazi, adada a misomali aja anakufunsani chiyani kwenikweni?"

"Anafunsa kuti atsikana amene amadzaza m'sitolo mwako amabwera kudzatani."

"Inu munati bwanji?"

"Ndinanena zoona. Ndinati ŵakwiza kuzakasambira."

Manja a Kezia anaima m'beseni.

"Ndiye iwo anati chiyani?"

"Anafunsa kuti onsewo? Ndinati wose, dazi lose ŵakusambira, kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka. Anafunsa ngati amalipira, ndinati pachoko waka. Kenako analoza kuseri kwa katani. Ndinati enya, wina akatuluka wina amalowa. Munthu waulemu chomene, anathokoza pochoka."

Kuseri kwa katani kunali koyesera zovala. Kumenekonso ndi kumene Kezia ankasungako beseni la Taonga, sopo, ndi thaulo lopachika pa msomali.

Pa Chitumbuka kusambira ndi kuphunzira. Kusamba ndi madzi amati kugeza. Ankhazi ananena kuti atsikana amabwera kudzaphunzira tsiku lonse n'kumalipira pang'ono. Makutu a ku Ntcheu anamva kuti kwa Kezia kuli bafa yolipiritsa, ngati zija za pafupi ndi depoti zimene apaulendo amatsukirako fumbi la mumsewu. Ndipo maso anaona katani, beseni ndi thaulo, n'kuvomereza.

Kezia anaseka mpaka anakhala pansi pa dothi, Taonga kumsana n'kudzidzimuka. Ankhazi anafunsa chimene chaseketsa, ndipo atawafotokozera anakwiya, ati iwo sanalakwe, wolakwa ndi munthu wobwera m'dziko la eni ake ndi makutu a kwawo.

Koma kusekako sikunakhalitse. Kezia anakumbukira nkhope ya a Wallace. Nkhaniyi ikangotuluka, bambo ameneyo adzati munthu wosamva chilankhulo sangagamule kanthu, zonse zifafanizidwe, tibwerere ku za pa chitseko. Ndipo ya dzenje ikagawidwa pa chitseko, Kezia akanabwezabe kiyi chimodzimodzi, pamodzi ndi wa mafoni ndi wa makope. Akakhala chete, sitolo yapita. Akalankhula pagulu, mwina yapitanso, n'kukokera anzake m'dzenje momwemo.

M'mawa mwake anafika pa sitolo ya misomali a Kamtedza akukolopa khonde. Anadikira amalize, analowa nawo mkati, n'kuima pafupi ndi zitini za penti pamene anthu a panja sakanamuona.

"Adada, ndabwera ndi funso limodzi. Pa sitolo panga mukuganiza kuti pamachitika chiyani?"

A Kamtedza anatsokomola. "Mayi, ine sindinafune kukuyalutsani. Ndinaganiza kuti mwina chilolezo cha bafa mulibe, a zaumoyo akamva angakuvuteni. N'chifukwa chake sindinatchule pagulu. Koma madzi osambitsa anthu tsiku lonse sindingawaike pa kapu."

"Akazi anu sukulu ya unamwino anasambira kuti?"

"Mwati bwanji?"

"Ndikufunsa pa Chitumbuka. Anasambira kuti unamwino? Ana anu akusambira sitandade chani? Ineyo ndinasambira mpaka Fomu 2, mbwenu ndinaleka."

A Kamtedza anayang'ana mopu imene inali m'manja mwawo. Kenako anaitsamiritsa ku khoma pang'onopang'ono, anakhala pa thumba la simenti, n'kuphimba nkhope ndi chipewa. Mapewa awo anayamba kugwedezeka. Kezia sanadziwe ngati akuseka kapena akulira, mpaka pamene anachotsa chipewacho, maso ali ofiira ndi kuseka.

"Ndiye ine masiku onsewa ndimakupatsani ulemu wa mayi wochenjera, wa bafa ya mseri. Ndimati telala n'chophimbira chabe."

"Atsikana anga akanakhala oyera bwanji."

"Pepani, mayi. Ndinafunsa mafunso ambiri, koma loti 'mukutanthauza chiyani' ndinalisiya kunyumba."

Kezia anasuzumira panja, n'kutsitsa mawu. "Ndapota, adada, tikonze mwakachetechete. Mundisunthire ku kapu. Akafunsa, munene kuti ndachepetsa ntchito, kapena kuti mwandimvera chisoni chifukwa cha mwana. A Wallace asamve za kusambirazi."

Kuseka kunachoka pa nkhope ya a Kamtedza. Anapukusa mutu.

"Ndikakuchotsani pa mgolo, gawo lanu ligwera atatu otsalawo. Ndiwakweze mtengo osawauza chifukwa chenicheni? Kumeneko n'kuba, ngakhale kutavala jekete."

"Akudyani wamoyo a Wallace."

"Andidye. Nyama ya ku Ntcheu ndi yolimba, atopa nsagwada."

"Inu mukuseka, koma akabweza za pa chitseko wofa ndine. Inu misomali muzigulitsabe."

A Kamtedza anayang'ana pansi, pamene madzi a mopu ankauma.

"Zimenezo ndikuzidziwa, ndipo sindikulonjezani kuti tipambana. Koma taganizani. Ankhazi anu akudziwa, inu mukudziwa, atsikana anu amva lero lomwe. Pa mzere uno nkhani yoseketsa chonchi ingagone masiku angati? A Nkhata akadzaimva kwa wina, adzati tinabisa, ndipo tsiku limenelo magulu atatuwa adzafa osadzukanso. Ikatuluka pakamwa panga, mwina china chitsala."

Kezia sanakhutire. Anatuluka osatsanzika. Masana omwewo anaona a Kamtedza akuyenda chitseko ndi chitseko kuitana anthu ku msonkhano, ndipo anadzifunsa kuti ndi anthu angati amene amayenda ndi miyendo yawo kukaitanira anzawo ku manyazi awo omwe.

Anthu atakhala pa mabenchi, a Kamtedza sanazungulire. Anafotokoza zonse monga mmene zinayendera: funso lawo, yankho la ankhazi, katani, beseni, thaulo. Sanachepetse kanthu, ndipo ankhazi sanawaloze chala ngakhale pang'ono. Asanamalize n'komwe, khonde lonse linali litagwa ndi phwete. Linily ankapukuta misozi ndi epuloni. Wa mafoni anafunsa Kezia mtengo wa madzi otentha. A Kamtedza anaima pomwepo, chipewa m'manja, kudikira kuti anthu amalize.

A Wallace ndiwo anamaliza msanga. Anaimirira, anakonza lamba.

"Abale, tasekadi, koma nkhani ndi iyi. Tinapatsa ntchito munthu wosamva. Ngati sukulu anaisandutsa bafa, kwa ine anamva chiyani? Mwina ndinati ndimagulitsa fanta, iye n'kumva kuti ndimathirira dimba. Zonsezi zifafanizidwe. Za pa chitseko zinalibe Chichewa kapena Chitumbuka, chitseko ndi chitseko basi."

"Zoona," anatero Linily. "Ine saluni yanga masiku ena kulibe ngakhale mutu umodzi."

Ena a ndowa anayamba kuyang'anana. Kezia anaona kuti nsalu yayamba kung'ambika, ndipo ikang'ambika poyambira siimanso. Anaimirira, Taonga kumsana.

"A Nkhata, inu Chitumbuka mumachimva?"

"Funso lanji limenelo? Ndinabadwira momwemo."

"Zaka zonsezi zimene ndakhala ndikukuuzani pa Chitumbuka kuti madzi anga ndi a kapu, munamva? Ndinakuuzani pa Chichewa, munamva? Makutu anu ndi abwino chomene, koma simunalowepo m'sitolo mwanga kudzaona. Adada awa analakwitsa mawu amodzi chifukwa analowa n'kufunsa. Osafunsa salakwitsa. Ndipo ine wolakwiridwayo ndinawapempha kuti tibise, iwo akana. Kwa inu sanafunse ankhazi a munthu. Anaima okha ku chimbudzi Loweruka, tonse tikuona. Mkodzo ulibe chilankhulo."

Phwete linabwereranso, koma ulendo uno linatembenukira kwina. A Wallace anatsegula pakamwa, koma mayi Fathiya anawatsogolera. Iwo sankakonda kulankhula pa misonkhano, ndipo sanaimirire n'komwe. Anangokonza mpango wawo.

"Ine nditangofika kuno kuchokera kwathu, ndili mtsikana, bambo wina anabwera pa benchi yanga ya mandasi n'kunena kuti akufuna kunditola. Ndinamufunsa kuti kodi ndine ndalama yogwa pansi? Ndinamuthira madzi otsukira mbale. Patapita mwezi m'pamene anandiuza anthu kuti munthuyo amafunsira ukwati mwaulemu wake wonse." Anadikira kuti anthu aseke amalize. "Ndiye za makutu tisanyozane, tonse alendo tinagwapo. Koma mpunga wanga umatsukidwa ndi madzi, sutsukidwa ndi Chitumbuka. Ine ndine wa mgolo dzulo, ndine wa mgolo lero. Mwana uyu achoke pa mgolo, gawo lake tigawane atatufe. A Nkhata, ngati likukulemerani, nenani pagulu pano kuti botolo sitolo ikulephera zimene mayi wa mpunga akutha."

A Wallace anayang'ana kumsewu. Mawu amenewo, pamaso pa amuna anzawo, analibe kolowera.

"Ine sindinati ndikulephera," anatero. "Ndikunena za pangano. Tinati chagamulidwa chagamulidwa. Lero tamasula kwa mmodzi. Nanga enafe?"

"Pamenepo mwanena zoona," anayankha a Kamtedza, ndipo anthu anadabwa kuwamva akuvomereza. "Ngati khutu langa linaphonya pa chitseko chimodzi, likhoza kuti linaphonyanso pena. Ndiyendanso mzere wonse galimoto isanabwere, koma ndi munthu wa makutu a kuno pambali panga. Amene ndinamulakwira atsike, amene ndinamuchepetsera akwere. Mukafuna kundichotsa ntchitoyi, ndichotseni, sindidandaula. Koma magulu atatuwa musawataye chifukwa cha ine. Wolakwa ndi Kamtedza, si mgolo."

Mayi Fathiya anati akweze manja amene akufuna kubwerera ku za pa chitseko. Linily anakweza, anayang'ana uku ndi uku, n'kusandutsa dzanjalo lokandira m'mutu. A Wallace sanakweze n'komwe. Anangoti ngati kuli kuyendanso, ayambire kwa iwo, ndipo womasulira akhale anyina Taonga omwewo, poti pakamwa pawo paoneka kuti m'posatopa.

Chotero Kezia anaikidwa pa kapu, dzina lake n'kutchulidwa pagulu ndi a Kamtedza eni ake. Pobwerera ku chitseko cha kumapeto anapeza atsikana ake ataunjikana pakhomo, makina onse ali zii. Anali atamva mphekesera yoti sitolo ikutsekedwa, ndipo mmodzi anali atakulunga kale nsalu yake yophunzirira.

"Mwaima chifukwa chiyani?" anawafunsa. "Kolala ya yunifolomu ija yadzisoka yokha? Masula nsaluyo iwe, palibe akupita kwawo."

M'mawa mwake a Kamtedza anamupeza akutsegula. Anali atatseka kale sitolo yawo. Kezia anapatsa atsikana ntchito ya tsikulo, anabereka Taonga, n'kunyamuka nawo kupita ku botolo sitolo. Panjira wa mafoni anawakuwira a Kamtedza kuti, "Mwasambira kale, adada?" Iwo anayankha kuti ayamba lero, aphunzitsi ndi awa ali pambaliwa.

A Wallace anawalandira atakhala pa kireti, ndipo anasankha kulankhula Chitumbuka chokhachokha, chothamanga, akuyang'ana a Kamtedza m'maso. Analankhula nthawi yaitali, manja akuloza kuseri.

"Akuti chiyani?" anafunsa a Kamtedza.

"Akuti munawalakwira," anatero Kezia. "Akuti makasitomala awo ambiri ku chimbudzi sapitako. Akuti akakhuta amangozungulira kuseri, n'kuthana nazo pa khoma."

"Khoma lake liti?"

Kezia anafunsa. A Wallace anayankha mwachidule, mawu atatsika pang'ono.

"Akuti la kuseri kwa khitchini ya mayi Fathiya."

"Afunseni kuti amalitsuka ndani, ndi madzi a mpopi uti."

Kezia sanavutike n'kumasulira. A Wallace anali atamva kale, ndipo anayankha pa Chichewa chomveka bwino kuti pa mgolo pomwepo palibe vuto, apitirire kwa Linily.